Kodi Mumadziwa? Za 24 Okutobala, Makwaya ndi Nyimbo za ku Petauke Kunja kwa Dziko

Okutobala akafika kuno kwa a Mfumu Nyalugwe dzuwa limakhala likuswa mtengo, Luangwa ataphwera mpaka mchenga kuyera mbee, ndipo m'masukulu ana amakhala ali kalikiliki kukonzekera nyimbo za pa 24, tsiku lomwe Zambia inalandira ufulu wodzilamulira mu 1964. Abale athu okhala ku London, ku Johannesburg ndi ku America nawonso salilumpha tsikuli. Amasonkhana m'maholo ndi m'matchalitchi, ndipo pamene pasonkhana a Zambia sipalephera kuimbidwa. Nazi zina zomwe mwina simunamvepo pa nkhani imeneyi.

Kodi mumadziwa kuti chimodzi mwa zikondwerero zoyamba za ufulu wathu kunja kwa dziko chinachitika tsiku lenilenilo, ku Tokyo? Masewera a Olimpiki anatsegulidwa pa 10 Okutobala 1964, ndipo ochita masewera athu analowa m'bwalo ngati nthumwi za Northern Rhodesia. Mwambo wotseka unagwera pa 24 Okutobala. Nthawi ya ku Japan ili patsogolo pa yathu ndi maola 7, kotero pamene mbendera ya Britain inkatsitsidwa pakati pa usiku mu Independence Stadium ku Lusaka, ku Tokyo kunali kutacha kale. Madzulo ake anthu omwe aja anaguba atanyamula chikwangwani cholembedwa kuti Zambia ndi mbendera yatsopano ya nkhwazi. Analowa mpikisano ndi dzina lina, nautsiriza ndi lina.

Kodi mumadziwa kuti ku London kuli tchalitchi chomwe chimakumbukira tsiku la ufulu wathu ndi nyimbo za kwaya? Ndi Westminster Abbey, momwe amalongera ufumu mafumu a ku Britain. Tchalitchichi chili ndi mwambo wolemekeza maiko a mu Commonwealth pa tsiku lalikulu la dziko lililonse. Amakweza mbendera ya dzikolo pansanja, naitana kazembe wake ku mapemphero a madzulo otchedwa Evensong, ndipo kazembeyo amawerenga nawo mawu a m'Baibulo. Mapemphero amenewa pafupifupi onse ndi oimba okhaokha: masalimo, nyimbo ya Mariya, nyimbo ya Simeoni, kenaka nyimbo imodzi yaikulu ya kwaya. Mawu apamwamba amaimba ndi anyamata ang'onoang'ono omwe ali ndi sukulu yawoyawo pomwepo, ndipo mawu enawo amaimba ndi akuluakulu 12 omwe kuimba ndiyo ntchito yawo yolandirapo malipiro. Wobwera kudzapemphera salipira pakhomo. Ndi ulemu waukulu, ndipo ine ndimauyamikira. Koma tidziwe kuti zoimbidwa madzulo amenewo ndi za mwambo wa Chingerezi. Nyimbo zathuzathu zimadikira kuti a Zambia eniake akasonkhane paokha.

Kodi mumadziwa kuti m'tchalitchi chomwecho ndimo muli manda a David Livingstone? Anamwalira pa 1 Meyi 1873 kwa a Mfumu Chitambo, mtima wake unakwiriridwa komweko pansi pa mtengo, ndipo thupi lake, lomwe omuthandiza ake, Susi, Chuma ndi anzawo, analinyamula mpaka kunyanja yamchere, linaikidwa mu Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874.

Kodi mumadziwa kuti 24 Okutobala ndi tsikunso la bungwe la United Nations? Pangano lokhazikitsa bungweli linayamba kugwira ntchito pa 24 Okutobala 1945, ndipo kwa zaka zambiri tsikuli lakhala likukumbukiridwa ndi konsati m'holo yaikulu ya bungweli ku New York. Mu 1971 katswiri wa cello wochokera ku Catalonia, Pablo Casals, anaima m'holomo ali ndi zaka 94 natsogolera kwaya ndi oimba zipangizo pa nyimbo yomwe iye anapekera bungweli, mawu ake atalemba mlakatuli W. H. Auden. Zambia inalowa m'bungweli pa 1 Disembala 1964, tsiku limodzi ndi Malawi ndi Malta.

Kodi mumadziwa kuti kamvekedwe ka nyimbo yathu ya fuko kanapekedwa ndi mphunzitsi wa kwaya? Anali Enoch Sontonga, Mxhosa wophunzitsa pasukulu ya mishoni ya Methodist pafupi ndi Johannesburg. Mu 1897 anapeka Nkosi Sikelel' iAfrika kuti ana ake a sukulu aziimba, ndipo anamwalira mu 1905 asanaone kutalika komwe nyimboyo idzafike. Anailembera magulu anayi a mawu, ndipo n'chifukwa chake imakoma kwambiri ikamaimbidwa ndi pakamwa pokha, popanda ng'oma kapena lipenga. Omenyera ufulu kuno ankaiimba kale pamisonkhano yawo ufulu usanabwere. Itafika nthawi yosankha nyimbo ya fuko, boma linachititsa mpikisano wa mawu atsopano, ndipo poti panalibe mmodzi amene zolemba zake zinakwanira pazokha, anaphatikiza maganizo a anthu 6. Lamulo loikhazikitsa linadutsa m'nyumba ya malamulo mu 1973.

Kodi mumadziwa kuti nyimbo ya Sontonga inajambulidwa koyamba ku London? Munali mu 1923. Woimba anali Sol Plaatje, mlembi wamkulu woyamba wa chipani chomwe pambuyo pake chinatchedwa ANC, ndipo piyano ankaliza ndi Sylvia Colenso. Munthu wakuda amene kwawo analibe ufulu anakaisungitsa nyimboyo pa mbale m'likulu lenileni la atsamunda.

Kodi mumadziwa kuti sitili tokha pa kamvekedwe kameneka? Tanzania imaimba komweko m'Chiswahili kuyambira 1961. Zimbabwe inakaimba kuyambira 1980 mpaka 1994. South Africa inakaphatikiza mu nyimbo yake ya fuko ya 1997. Anansi athu a ku Malawi ali ndi yawoyawo, yopekedwa ndi Michael Sauka mu 1964, ndipo a ku Mozambique, omwe timagawana nawo malire kuno ku Nyimba ndi ku Petauke, anasintha yawo mu 2002.

Kodi mumadziwa kuti zilembo zija akwayamasitala amalemba pabolodi zinachokera kwa mayi wina wa ku Norwich? Dzina lake Sarah Glover. Iye anapeza njira yophunzitsira ana kuimba popanda kuwerenga mizere isanu ija ya akatswiri, ndipo m'busa John Curwen anaikonza naifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840. Amishoni anabwera nayo kuno, ndipo Sontonga mwiniyo analemba nyimbo yake m'njira yomweyo. Kalowe m'tchalitchi cha pamudzi Loweruka masana uone. Bolodi yatsamira khoma, yadzaza ndi d, r, m, f, s, l, t za choko, timadontho tolekanitsa kagundidwe tili pakatipakati. Masopulano akhala kutsogolo, maalto pambali pawo, wina mwana ali kumsana, matena ndi mabesi kumbuyo, njinga zawo zitatsamira mtengo wa mango panja. Akwayamasitala ang'ung'udza liwu limodzi pakhosi, alipereka kwa gulu lililonse, akweza dzanja. Asanafike patali aimitsa. "Amayi a alto, mwakwera, tsikani pang'ono. Abambo a besi, musathamange, dikirani dzanja langa." Abwereza mzere womwewo mpaka dzuwa kupendeka. Zimene zikuchitika pamenepo ndi luso lomwe lija anthu amaligulira matikiti okwera mtengo ku Ulaya: magulu anayi a mawu, mpweya wosungidwa bwino, khutu lomvera mnzako. Kusiyana kwake n'kwakuti athuwa aimba atachokera kumunda, ndipo palibe amawalipira. Ndimamva chisoni ndikamva wina akunena kuti nyimbo zapamwamba zamtunduwu n'za Azungu okha, chifukwa wonenayo nthawi zambiri anakulira m'kwaya yotere.

Kodi mumadziwa kuti kuimba kwa magulu anayi kwatha zaka zoposa 100 m'dera lino? Amishoni a Dutch Reformed, omwe mpingo wawo lero ndi Reformed Church in Zambia, anayamba ntchito ku Magwero mu 1899, nafika ku Nyanje mu 1905 ndi ku Hofmeyr, kufupi ndi Nyimba, mu 1914. Ansembe a Katolika a White Fathers anatsegula Minga m'zaka za m'ma 1920. Kulikonse kumene kunali sukulu ya mishoni kunalinso phunziro la kuimba. Kwa Akatolika zinthu zinasintha kwambiri utatha msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965, pamene zinenero zathu zinalowa m'malo mwa Chilatini pa Misa, ng'oma ndi visekese nazo n'kupeza malo m'tchalitchi.

Kodi mumadziwa kuti nyimbo ya Aleluya ya Handel, yomwe makwaya ambiri amayesera nayo mphamvu zawo, inaimbidwa koyamba pothandiza akaidi ndi odwala? Ndi gawo la ntchito yaikulu yotchedwa Messiah, yomwe George Frideric Handel anailemba m'masiku 24 okha mu 1741. Inamveka koyamba ku Dublin pa 13 Epulo 1742. Pofuna kuti anthu ambiri akwane m'holo, anapempha amayi kuti asavale madiresi otambalala ndi abambo kuti asiye malupanga kunyumba. Ndalama zomwe zinapezeka zinatulutsa m'ndende anthu 142 omangidwa chifukwa cha ngongole. Okonza makonsati a tsiku la ufulu angatengerepo phunziro: chopereka cha pakhomo chikhoza kugula mabuku kapena kukumba chitsime kumudzi.

Kodi mumadziwa kuti nyimbo za ku Petauke zinafika ku America ufulu usanabwere? Iyi ndiyo yomwe ndikufuna muigwiritse. Mu 1961 akatswiri awiri, John Blacking wa ku yunivesite ya Witwatersrand ndi Raymond Apthorpe wa ku Rhodes-Livingstone Institute ku Lusaka, anayenda m'midzi ya Ansenga m'boma la Petauke ndi makina ojambulira mawu. Nthawi imeneyo Nyimba inali mbali ya boma lomwelo. Zomwe anajambula zinatuluka ku New York pa mbale ziwiri za kampani ya Folkways, pansi pa dzina lakuti Music from Petauke of Northern Rhodesia, yoyamba mu 1962 ndipo yachiwiri mu 1965. Blacking analembanso nkhani yaitali yofotokoza kalimba wa Ansenga, kachipangizo kaja ka timano tachitsulo pa kathabwa, komwe mnyamata amaliza ndi zala zazikulu ziwiri akuyenda yekha m'njira, akuimba motsitsa mawu. Munthu yemweyu ndi amene mu 1973 anatulutsa buku lotchuka lakuti How Musical Is Man?, momwe anatsutsa maganizo akuti luso la nyimbo ndi mphatso ya anthu ochepa osankhika. Mu 1987 bungwe la Smithsonian ku Washington linatenga nyimbo zonse za Folkways, ndipo mpaka lero mbale ziwirizi zimapezeka pa intaneti. Ganizirani: mawu a agogo athu, ojambulidwa zaka zoposa 60 zapitazo, wophunzira wa ku America akhoza kuwamva nthawi iliyonse, pamene mdzukulu wawo wa ku Kacholola sadziwa n'komwe kuti alipo. Zili ngati chimanga chathu chili m'nkhokwe ya mnansi. Sanabe, watisungira bwino, koma ana athu sakuchidya. Aphunzitsi a nyimbo m'masekondale a ku Nyimba ndi ku Petauke, zifunefuneni mbalezi, muwamvetsere ana. Mwina pali nyimbo zina mmenemo zomwe pamudzi zinaiwalika kale.

Kodi mumadziwa kuti mwezi womwewu wa ufulu ndi mwezinso wa Tuwimba? Ansenga amasonkhana kwa a Mfumu Yaikulu Kalindawalo ku Petauke kukathokoza ndi kupempha mvula. Pamenepo pamamveka kuimba kwa mtundu wina, kwakale kuposa amishoni: mmodzi atsogolera, gulu livomera, manja ndi ng'oma zigwirizira. Amene ali kutali amaphonya zikondwerero zonse ziwiri za kumudzi m'mwezi umodzi, ndiye musadabwe kuti nyimbo ya kwawo ikamveka m'holo yachilendo ena amapukuta misozi.

Kodi mumadziwa kuti mtsikana wa m'tauni yaing'ono ya ku Mpumalanga anaimba yekha pa mwambo wolonga ufumu wa Charles III? Ndi Pretty Yende wa ku Piet Retief, wobadwa mu 1985. Anakulira m'nyimbo za kutchalitchi, ndipo opera anaimva koyamba ali ndi zaka 16 pa kanema wotsatsa ndege za British Airways. Anaphunzira ku Cape Town, kenaka ku La Scala ku Milan, ndipo pa 6 Meyi 2023 anaima mu Westminster Abbey. Ine sindikayika kuti mawu otere alipo pakati pa atsikana ogulitsa nthochi pamsewu pa Nyimba. Chosowa ndi mphunzitsi ndi njira.

Kodi mumadziwa kuti kwaya ya anthu akuda a ku South Africa inaimbira Mfumukazi Victoria mu 1891? Inkatchedwa African Choir, ndipo inapita ku Britain kukafuna ndalama zomangira sukulu ya ntchito zamanja. Anaimba ku Osborne House, koma ulendowo unatha ndi ngongole. Pa ulendo wachiwiri, wa ku America, owatsogolera anawasiya padzuwa ku Ohio. Mpingo wa AME ndi umene unawatola, ndipo mmodzi wa iwo, Charlotte Manye, anaphunzira pa yunivesite ya Wilberforce mpaka kulandira digiri. Ndiye Charlotte Maxeke amene dzina lake lili pa chipatala chachikulu cha ku Johannesburg.

Kodi mumadziwa kuti zofanana ndi zimenezi, mwinanso zoposa, zinagwera ana a Zambia? M'zaka za m'ma 1990 bungwe lina la ku Texas lotchedwa TTT: Partners in Education linkatenga anyamata oimba popanda zipangizo a ku Kalingalinga ku Lusaka kupita nawo ku America. Linalonjeza maphunziro, malipiro, thandizo kwa makolo ndi kumanga masukulu kuno kumudzi. Anyamatawo ankaimba m'matchalitchi ndi m'masukulu kangapo pa tsiku, anthu n'kumapereka ndalama zambiri ndi mtima wabwino, koma zolonjezedwazo sizinawafike. Wodandaula ankaopsezedwa kuti abwezedwa kwawo mwamanyazi. Mmodzi wa iwo, Given Kachepa, mwana wamasiye, anapita mu 1998 ali ndi zaka 11. Akuluakulu a boma la America atalowererapo anawo anachotsedwa m'manja mwa bungwelo, ndipo mabanja ena achifundo anawalandira. Kachepa anaphunzira mpaka kukhala dokotala wa mano, ndipo wakhala akuyankhula poyera za kugulitsa anthu. Nkhaniyi imandiwawa chifukwa chomwe chinawakola anawo ndi mphatso yawo yomwe. Amene ankawaombera m'manja sankadziwa kuti akuombera ana ogwiritsidwa ntchito yaulere. Zambia inakhazikitsa lamulo lothana ndi mchitidwe wogulitsa anthu mu 2008.

Kodi mumadziwa kuti nyimbo yomwe imagwirizanitsa a Zambia mwamsanga kuposa zonse ili m'chinenero chathu chino? Ndi Tiyende Pamodzi, yomwe a Kenneth Kaunda ankakonda kuitsogolera okha, kampango koyera kali m'manja. Iwo ankalizanso gitala. Anamwalira pa 17 Juni 2021 ali ndi zaka 97, ndipo tsiku lawo lobadwa, 28 Epulo, tsopano ndi tchuthi. Mbemba, Mtonga, Mlozi, aliyense amaidziwa, ndipo safuna bolodi kapena akwayamasitala kuti aivomere.

Kodi mumadziwa kuti chaka cha 2024 Zambia inakwanitsa zaka 60 za ufulu? Ana ambiri a Zambia obadwira kunja sanauonepo mlatho wa Luangwa, ndipo chinenero cha makolo awo amachimva kwambiri m'nyimbo. Kwa iwo konsati ya pa 24 Okutobala si zosangalatsa chabe, ndi sukulu.

Tsono inu abale athu okonza zikondwerero kunjako, mukamalemba ndandanda ya nyimbo, Handel akhalepo, Sontonga akhalepo, koma musiyeko malo a nyimbo ya Chinsenga yokonzedwa bwino m'magulu anayi, ndipo dzina la mudzi womwe yachokera litchulidwe. Mukaitana oimba kuchokera kuno, alipireni. Ndipo inu makolo ndi akulu a mpingo a kwa Nyalugwe, kwa Ndake, kwa Luembe ndi kwa Mwape, akabwera munthu wolonjeza kutengera kwaya yanu kunja, musathamangire kuvomera. Funsani pangano lolembedwa, lionetseni kwa a mfumu ndi ku ofesi ya boma pa Nyimba, dziwani komwe anawo azikagona ndi tsiku lobwerera, ndipo pasipoti ikhale m'manja mwa mwini wake.